Mafilimu a Bruce Lee pa zimbale: nditenge bokosi la Criterion kapena la Arrow?

Mwana wa ku Chilomoni analemba:

Akuluakulu nonse okonda mafilimu akale, ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yandizunguza mutu kwa milungu ingapo tsopano. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Leeds akubwera kumudzi pa Khirisimasi, ndipo andiuza kuti ndisankhe chinthu chimodzi choti adzanditengere. Ine ndikufuna mafilimu a Bruce Lee pa zimbale zenizeni, osati zokopera zija timagula m'misika, zimene amapanikiza mafilimu khumi pa chimbale chimodzi mpaka nkhope za anthu zimachita kusungunuka nkhondo ikangoyamba.

Mafilimu amenewa ndinayamba kuwaonera mu 1994, ndili Sitandade 5, m'kanyumba ka vidiyo sho komwe mazenera ankatseka ndi masaka ndipo tinkakhala pa mabenchi a matabwa osapala. Dzina la filimu linkalembedwa ndi choko pa bolodi panja, ndipo tepi ikayamba kuonetsa mizere yoyera pansi pa sikirini, mwini wake ankadzuka kukapotokola kabatani pa deki ife tikukuwa. Ndinaonera Fist of Fury kangapo konse m'nyumba imeneyo, moti ndinkakhulupirira kuti ndimaidziwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Koma mwezi wathawu mnzanga wina anandionetsa filimu yomweyi yokonzedwanso pa kompyuta yake, ndipo ndinadabwa kuona kuti pa nkhondo ya m'sukulu ya a ku Japan, Bruce Lee akutulutsa timitengo tiwiri tolumikizidwa ndi tcheni tija amati nunchaku, n'kuyamba kuphwanya akakolo a adani ake atagona pansi. Chigawo chimenecho ine ndinali ndisanachionepo chikhalire. Titaika The Big Boss, nyimbo zake zinali zachilendo kotheratu, ndipo anthu ankayankhula Chitchaina m'malo mwa Chingelezi chimene ndinachizolowera.

Ndafufuza ndipo ndapeza mabokosi awiri amene anthu amawatchula kwambiri: la kampani ya Criterion lotchedwa Bruce Lee: His Greatest Hits, ndi la kampani ya Arrow Video lotchedwa Bruce Lee at Golden Harvest. Funso langa loyamba ndi lakuti, pa awiriwa ndi liti limene lingagwire ntchito kuno kwathu popanda vuto? Koma chimene chikundisautsa kwambiri ndi china: kodi filimu yeniyeni ndi iti, ija ndinaonera ndili mwana kapena iyi yokonzedwansoyi? Sindikufuna kuwavutitsa alamu anga kunyamula katundu wodula, kenako ndidzakhale pansi n'kuona kuti chimene ndagula si chimene mtima wanga umachifuna.

Wosonkhanitsa Zimbale analemba:

Achimwene, ndiyambe ndi funso loyambalo chifukwa yankho lake ndi lachindunji, ndipo likhoza kukupulumutsani ku chisoni chachikulu. Zimbale za Blu-ray zimagawidwa m'zigawo zitatu za dziko lapansi. Chigawo A ndi cha America, Japan, Korea ndi maiko ena a kum'mawa. Chigawo B ndi cha Ulaya, Africa yonse ndi Australia. Chigawo C ndi cha maiko monga China, India ndi Russia. Bokosi la Criterion, limene linatuluka mu July 2020 ndi zimbale 7, ndi la ku America ndipo ndi lokhomedwa ku chigawo A. Mukaliika m'makina ogulidwa ku Britain kapena ku Joni, lidzangokulemberani uthenga wokana pa sikirini. Mukati mugule makina a ku America kuti muthane ndi vutolo, mukumananso ndi nkhani ya magetsi, pakuti ambiri mwa iwo anapangidwira mphamvu ya 120 pomwe kuno timagwiritsa ntchito 230. Makina a ku Britain alibe vuto limeneli, ngakhale pulagi yake ya mano atatu ndi yomweyi ya m'nyumba zathu.

Bokosi la Arrow linatuluka ku Britain mu 2023, chaka chimene panakwana zaka 50 chimwalirire Bruce Lee, ndipo linabwera m'mitundu iwiri, wa Blu-ray ndi wa 4K, umene chithunzi chake chimaoneka bwino koposa. Zimbale za 4K kawirikawiri sizikhomedwa ku chigawo chilichonse, ndipo za Blu-ray za ku Britain ndi za chigawo chathu chomwechi. Popeza alamu anu ali ku Leeds, apa palibe chokayikitsa.

Izi sizikutanthauza kuti la Criterion ndi lopepuka. Ubwino wake waukulu ndi wakuti linasonkhanitsa mafilimu onse asanu pamodzi, kuphatikizapo Enter the Dragon, zomwe sizichitika kawirikawiri chifukwa filimu imeneyi ili m'manja mwa Warner Bros pomwe anayi enawo, amene anapangidwa ndi Golden Harvest, kampani ya Raymond Chow, ali m'manja mwa kampani ya Fortune Star. Muli Enter the Dragon ya mphindi 99 monga inaonetsedwera mu 1973, komanso yotalikirapo ya mphindi 102 imene anabwezeramo kukambirana kwa Lee ndi mkulu wa kachisi wa Shaolin koyambirira kwa filimu. Amene ali ndi makina osasankha chigawo sangalakwitse kuligula. M'bokosi la Arrow simudzapezamo Enter the Dragon ya 4K. Imeneyo a Warner anaitulutsa payokha mu August 2023, ndipo muyenera kuwauza alamu anu kuti aifunefune padera.

Chimene chinandikopa ine ku Arrow ndi The Big Boss. Kwa zaka zambiri anthu ankanena za mtundu wina wautali wa filimu imeneyi, wa m'Chitchaina chotchedwa Chimandarini, umene unali ndi zigawo zomwe zinadulidwa itangotuluka mu 1971 ndipo zinkangodziwika kudzera m'zithunzi zakale ndi timafilimu toitanira anthu. A Arrow anaupeza n'kuuika m'bokosilo pansi pa dzina lakuti Mandarin Cut. Si zonse zinabwerera: chigawo chotchuka chija chimene Lee amakhapa munthu pamutu ndi sowo m'fakitale ya madzi oundana sichili m'menemo. Komabe zimene zinabwererazo zimasintha kayendedwe ka filimu, makamaka chakumapeto pamene mnyamatayo watsala yekha abale ake onse ataphedwa ndipo akudziwa kuti kumene akupita mwina sakabwerako. Chenjezo langa ndi limodzi: bokosi loyambalo linali la chiwerengero chochepa, choncho alamu anu awerenge kumbuyo kwa chimene apezecho kuti atsimikize zimene zili mkati asanapereke ndalama.

Mkulu wa Vidiyo Sho analemba:

Mphwanga wa ku Chilomoni, funso lanu lachiwiri landikhudza chifukwa ine ndinali mmodzi wa anthu amene tinkaimirira pa khomo kulandira ndalama. Ndinayendetsa vidiyo sho ku Kawale kwa zaka 6, nthawi imene dziko lathu linalibe wailesi ya kanema yakeyake, pakuti TVM inadzayamba mu 1999. Ndikuuzeni zoona: chimene tinkakuonetsani chinali chidutswa cha filimu, ngakhale kuti ifeyo sitinkadziwa.

Nkhani ya nunchaku ili ndi chifukwa chake. Ku Britain kuli bungwe lounika mafilimu lotchedwa BBFC, ndipo m'zaka zimene James Ferman ankalitsogolera, kuyambira 1975 mpaka 1999, linkadula pafupifupi chigawo chilichonse chimene chida chimenechi chinkaonekera, poopa kuti achinyamata angachitengere. Mafilimu a Bruce Lee ndiwo anavulala kwambiri ndi lumo limenelo, ndipo Enter the Dragon inadzatuluka yathunthu ku Britain mu 2001. Matepi anga ambiri anali okopedwa kuchokera ku matepi a ku Britain, ndipo ndikukhulupirira kuti kumene inu munkaonera zinali chimodzimodzi. Ndimakumbukira kuti m'tepi yanga ya Enter the Dragon, pa nkhondo ya m'mapanga a pansi pa chilumba, Lee ankamenya alonda ndi ndodo yaitali, kenako ndi ndodo ziwiri zazifupi, ndiye mwadzidzidzi chithunzi chinkadumpha, nyimbo n'kudukiza, iye ali kale pakati pa zitseko zachitsulo zitamutsekera. Ndinkaganiza kuti tepi inadyedwa ndi deki pamalo amenewo, mpaka ndinaitsegula kufuna kuona pamene panalumikizidwa ndi selotepi.

Chachiwiri ndi kukula kwa chithunzi. Mafilimu amenewa anajambulidwa kuti azionetsedwa pa nsalu yotambalala, imene m'lifupi mwake ndi kuwirikiza 2.35 poyerekeza ndi msinkhu wake, pomwe wailesi za kanema za nthawi imeneyo zinali pafupifupi zofanana mbali zonse, 4 kwa 3. Kuti chithunzi chidzaze sikirini, opanga matepi ankadula m'mbali monse muwiri, ndipo magawo oposa 40 pa 100 alionse a chithunzicho ankatayika. Mukadzaonanso nkhondo ya m'sukulu ya a ku Japan mu Fist of Fury, mudzayang'anitsitse pamene ophunzira aja amuzungulira n'kumayenda pang'onopang'ono iye atavula malaya pakati. Pa tepi tinkaona iye ndi anthu awiri kapena atatu, ndipo ena ankangotulukira kuchokera kunja kwa sikirini kudzalandira chibakera. Pa chimbale mumaona bwalo lonse, mumaona amene akuzengereza ndi amene akukonzeka kulumpha, ndipo mumamvetsa chifukwa chake akutembenukira uku osati uko. Apa ndiye pamene ndinazindikira kuti munthuyu sankangodziwa kumenya, ankadziwanso kuika anthu pamalo oyenera pamaso pa kamera. Onjezani apo kuti matepi a mtundu wa PAL, monga a ku Britain aja, ankathamangitsa zithunzi 25 pa sekondi m'malo mwa 24, moti filimu ya mphindi 100 inkatha m'mphindi 96 ndipo mawu ankakwera pang'ono.

Koma pa nkhani ya chilankhulo, musadzimve ngati munanamizidwa. Mafilimu a ku Hong Kong a nthawi imeneyo ankajambulidwa opanda mawu, ndipo mawu onse ankaikidwa pambuyo pake ndi anthu ena. Chimandarini chimene munamva kwa mnzanuyo ndicho chinatuluka koyamba m'nyumba za kanema ku Hong Kong, koma amene akuyankhula m'menemo si Bruce Lee. Ndi munthu wina wolembedwa ntchito yomuyankhulira, monganso zinalili ndi Chingelezi. Mukafuna kumva mawu akeake akuyankhula filimu yonse, pitani ku Enter the Dragon. Nyimbo za The Big Boss nazo zilipo za mitundu itatu: za Wang Fu-ling za m'Chimandarini, za Mjeremani Peter Thomas zimene zinapita ndi Chingelezi kumaiko akunja, ndi zina za m'Chitchaina china chotchedwa Chikantoni zomwe zinadza pambuyo pake. Zimene makutu anu akufuna ndi za Peter Thomas, zija za malipenga olira mwamphamvu koyambirira. Mabokosi onse awiri ali ndi Chingelezi chakalecho ngati chimodzi mwa zosankha, ndipo ine ndikamaonera ndimasankha chimenecho pamodzi ndi chithunzi chathunthu. Ndikatero ndimapeza mawu amene ndinakalamba nawo pamwamba pa filimu imene sindinkatha kuwapatsa makasitomala anga.

Mayi wa ku Zomba analemba:

Zikomo bambo a ku Kawale chifukwa cha kufotokoza kwanu, koma pa chilankhulo ndisiyana nanu pang'ono. Ndi zoona kuti mawu onse anaikidwa pambuyo, koma Chingelezi chija chinalembedwa kuti chigwirizane ndi kugwedezeka kwa milomo, osati ndi tanthauzo, ndipo mu The Way of the Dragon chimaononga nkhani yeniyeniyo. Filimu imeneyi, yomwe Lee analemba ndi kutsogolera yekha mu 1972, ikunena za mnyamata wakumudzi amene wafika ku Rome osadziwa chilankhulo cha kumeneko, moti pa bwalo la ndege amangoloza pa pepala la zakudya n'kupatsidwa mbale zingapo za supu. Aliyense akamayankhula Chingelezi chimodzimodzi, iye ndi zigawenga zomwe, kusamvana kumene filimuyi yatsamirapo kumazimirira, ndipo woonera sadziwa chifukwa chake mnyamatayo akungoyang'ana anthu m'maso osayankha. Achimwene a ku Chilomoni, dzaioneni kamodzi m'Chitchaina ndi mawu olembedwa pansi musanaweruze.

Ndiponso ndifunse: kodi kunyumba kwanu muli ndi wailesi ya kanema ya 4K ndi makina ake? Chimbale cha 4K sichiwerengeka m'makina wamba a Blu-ray, ndipo cha Blu-ray sichiwerengeka m'makina a DVD. Ngati mulibe, mtundu wa Blu-ray ndi wokwanira ndithu, ndipo ndalama zotsalazo alamu anu agulire makina.

Wokonda za Shaolin analemba:

Palibe amene wakambapo za Game of Death, pamene ndi pomwe funso la Mwana wa ku Chilomoni lakuti filimu yeniyeni ndi iti limafika povuta zedi. Ndiloleni ndichedwepo pang'ono.

Mu 1972 Lee anayamba kujambula filimu ya munthu amene akukwera nsanja ya zipinda zosanja zisanu, ndipo pa chipinda chilichonse akukumana ndi katswiri wa kamenyedwe kosiyana. Anajambula zipinda zitatu zapamwamba: cha Dan Inosanto, cha Ji Han-jae wa ku Korea, ndi cha Kareem Abdul-Jabbar, katswiri wa mpira wa basketball wotalika mamita 2.18 amene anali wophunzira wake. Kenako anaimitsa ntchitoyo kuti apange Enter the Dragon, ndipo anamwalira pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32 asanabwerere kukaimaliza. Chimene chinatuluka mu 1978, motsogozedwa ndi Robert Clouse, ndi nkhani ina kotheratu ya katswiri wa mafilimu amene akuzunzidwa ndi zigawenga, ndipo pa zimene Lee anajambulira filimuyi anagwiritsapo mphindi pafupifupi 11 zokha. Pafupifupi kwina konseko ndi anthu ena, makamaka Kim Tai-chung ndi Yuen Biao, atavala magalasi akuda kapena atapereka msana ku kamera. Pali malo ena pamene munthu wakhala kutsogolo kwa kalirole, ndipo anangomata chithunzi cha nkhope ya Lee pa kalirolepo kuti chiphimbe nkhope yake. Pa tepi yofiira ndi ukalamba, pa sikirini yaing'ono, zimenezi sitinkaziona bwino. Pa chimbale chokonzedwanso zimaonekera poyera, mpaka m'mphepete mwa pepalalo. Choipa kuposa zonse n'chakuti anaikamo zithunzi za maliro ake enieni a ku Hong Kong, bokosi lili chitsegukire, ngati gawo la sewero. Zimenezi ine sindinazikhululukire mpaka lero, ngakhale kuti nyimbo za John Barry za m'filimuyi ndi zabwino kwambiri.

Choncho phindu la mabokosi awiriwa pa filimu imeneyi lili mu zoonjezera. La Criterion lili ndi Game of Death Redux, imene Alan Canvan analumikiza kuchokera ku zimene Lee anajambula. La Arrow lili ndi The Final Game of Death, yopitirira maola atatu, imene imayenda nanu m'zojambulidwa zonse zimene zinapulumuka, kuphatikizapo pamene ankabwereza chigawo chimodzi kambirimbiri. Mukaziona mudzapeza kuti m'nsanjamo Lee sanali yekha: anali ndi anzake awiri, James Tien ndi Chieh Yuan, amene a 1978 anawachotsamo. Anzakewo amathamangira kutsogolo, amakangana naye, amamenyedwa chifukwa choumirira njira imodzi, pamene iye, atavala chovala chachikasu cha mzere wakuda chija, amayamba wayang'ana kaye mdani wake n'kusintha kamenyedwe. Pa chipinda chomaliza amatopa kwenikweni, akupuma movutikira, ndipo amapambana pokhapokha atazindikira kuti maso a chimphonacho amaopa kuwala, n'kuyamba kuboola mapepala a m'mazenera. Filimu imene ankafuna kupanga ikuoneka m'zidutswa zimenezi kuposa mu ija inatchedwa dzina lake.

Ndionjezere mfundo yaifupi ya maina, chifukwa alamu anu angasokonezeke pogula. Ku America, The Big Boss inagulitsidwa ndi dzina lakuti Fists of Fury, Fist of Fury inatchedwa The Chinese Connection, ndipo The Way of the Dragon inatchedwa Return of the Dragon. Komanso mafilimu ambiri amene pa bolodi la vidiyo sho ankalembedwa kuti ndi a Bruce Lee anali a omutsanzira monga Bruce Li, Bruce Le ndi Dragon Lee. Ngati pali filimu imene mumaikumbukira koma simukuipeza pa asanuwa, mwina ndi ya amenewa, ndipo a Severin Films anasonkhanitsa ena mwa mafilimu otere m'bokosi lotchedwa The Game of Clones mu 2024.

Mwana wa ku Chilomoni analemba:

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza koposa mmene ndinkayembekezera. Mayi a ku Zomba, mwafunsa bwino: wailesi yanga ya kanema si ya 4K, ndipo makina amene ndili nawo ndi a DVD okha. Ndalankhula ndi alamu anga usiku wathawu ndipo tagwirizana kuti afunefune mafilimu a Arrow a mtundu wa Blu-ray, atsimikize kuti The Big Boss yaitaliyo ndi The Final Game of Death zilimo, agule Enter the Dragon ngati siili m'katimo, ndipo ine ndiwatumizira ndalama zoonjezera za makina.

Bambo a ku Kawale, zimene mwanena za tepi yodumpha pa nkhondo ya m'mapanga ndazikumbukira bwino lomwe, chifukwa kwathunso pamalo omwewo anyamata ankakuwa kuti mwini wake abweze tepi, iye n'kumalumbira kuti sanakhudze chilichonse. Ndatsimikiza kuti tsiku loyamba ndidzaonera Fist of Fury m'Chingelezi chakalecho monga mwanenera, ndipo The Way of the Dragon ndidzaionera m'Chitchaina monga alangizira mayiwa. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 12 ndipo sanaonerepo iliyonse mwa mafilimu amenewa. Ndikuganiza zomuyambitsa ndi The Way of the Dragon, popeza The Big Boss ili ndi magazi ambiri ndiponso zigawo zina zosayenera msinkhu wake, ndipo pamatenga nthawi yaitali Lee asanaponye chibakera choyamba chifukwa cha lonjezo limene anachita kwa amayi ake. Ngati alipo amene anaonetsapo ana ake mafilimu amenewa, andiuze kuti anayambira pa iti.